Kukonza Polumikizira pa Khadi ya Mawu ya Kompyuta Yakale

Anzanga, m'phunziro la Physics tinauzidwa kuti magetsi amayenda pokhapokha njira yawo ikakhala yosaduka paliponse. Tinajambula batire, babu ndi switchi m'makope mwathu, aphunzitsi n'kuchonga. Lero ndikufuna tione phunziro lomwelo pa chinthu chogwirika: khadi ya mawu ya m'kompyuta yakale, ndi momwe munthu amapezera pomwe njira yaduka asanayambe kuwotcha chilichonse.

Makompyuta ambiri a zaka za m'ma 1980 ndi 1990 sankabwera ndi zonse ngati a masiku ano. Munthu akafuna kuti kompyuta yake iziimba nyimbo, ankagula bolodi ina yaing'ono n'kuilowetsa m'mpata wa pa bolodi yaikulu ija amati motherboard. Kampani ya IBM ndi imene inayambitsa mpata umenewu mu 1981, ndipo pambuyo pake unadzatchedwa ISA. Unali ndi timano tachitsulo 62, mbali iliyonse 31. Mu 1984 anawonjezera tina 36, tonse n'kukhala 98. Khadi imene ndikunena pano ndi Sound Blaster 16, yopangidwa ndi kampani ya Creative ya ku Singapore, ndipo inatuluka mu 1992. Tangoganizani, ndi yaikulu kuposa ena mwa aphunzitsi athu.

Ine khadiyi ndinaionera kwa amalume anga, amene amakonza mawailesi ndi mafoni pa msika. Loweruka ndimapita kukawathandiza. Aphunzitsi ena opuma ntchito anabweretsa kompyuta yawo atainjata pa njinga. Amaigwiritsa ntchito polemba makalata a mpingo, komanso poimbira kwaya ma CD kuti iphunzire nyimbo zatsopano. Vuto linali lakuti sipika ya kumanzere inkangolira n'kuduka, kulira n'kuduka. Khadi yotere simungaipeze m'sitolo, ndipo makadi amene anadza pambuyo pake, a mtundu wa PCI, salowa m'mpata wa ISA. Ndiye amalume anandiuziratu kuti, "Mphwanga, iyi tikaiononga, kulibe ina."

Khadi ngati iyi ili ndi malo awiri pomwe chitsulo chimakhudzana ndi chitsulo chinzake. Malo oyamba ndi timano tagolide tam'munsi timene timalowa mu motherboard. Achiwiri ndi timabowo takumbuyo momwe mumalowa pulagi ya sipika, ya maikolofoni, ndi bowo lalikulu la timano 15 la zida zosewerera magemu. Anthu ambiri kompyuta ikasiya kulira amathamangira kunena kuti chip yapsa. Inde chip imapsa, koma imangokhala phee pamalo ake, palibe amene amaikoka. Polumikizira ndi pamene pamakokedwa, kupindidwa ndi kulowa fumbi kwa zaka zoposa 30. Choncho yambirani pamenepo.

Musanakhudze m'kati, zulani waya wa magetsi kukhoma. Bokosi lachitsulo la power supply musalitsegule ayi, chifukwa muli ma capacitor amene amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Kenako gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta. Mukukumbukira juzi ija imathetheka mukamavula usiku m'mwezi wa Juni? Timagetsi timeneto kwa inu si kanthu, koma chip tikhoza kuipheratu. Khadi muziigwira m'mbali, osati pa timano.

Timano tagolide ntchito yake ndi yosavuta. Golide sachita dzimbiri, n'chifukwa chake amamupaka pamenepo, koma ndi wopyapyala kwambiri, ndipo pansi pake pali mkuwa. Fumbi ndi mafuta a m'zala zikakhala pamwamba pake, magetsi amavutika kudutsa. Pukutani ndi kansalu koyera konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol, motsatira kutalika kwa dzino lililonse. Litsiro likakanika, labala wofewa wofufutira pensulo amathandiza, koma pang'onopang'ono. Sandipepa ayi! Amachotsa golide yense, mkuwa n'kutsala pambalambanda. Ndipo amene mwaganiza za kachasu, iwalani, muli madzi ambiri.

Ife tinapukuta, kubwezera khadi, kuyatsa. Sipika ya kumanzere inali chimodzimodzi. Apa mpamene ndinaphunzira kanthu. Amalume sanatenge chida chilichonse. Anangogwira pulagi ya sipika n'kuikankhira m'mwamba pang'ono: mawu anabwera. Atasiya, mawu anapita. Anasintha masipika, n'kuyesa ena amene tikudziwa kuti ndi abwino. Zomwezo. Ndiye kuti waya wa sipika unalibe mlandu, chip nayonso inalibe mlandu, chifukwa chip yakupsa siingadzuke poti mwagwedeza pulagi. Wolakwa anali kabowo kaja, kamene okonza amakatcha jaki.

Taonani pulagi ya mahedifoni anu. Ili ndi zigawo zitatu zolekanitsidwa ndi timizere tiwiri. Kunsonga kumadutsa mawu a kumanzere, pakati a kumanja, ndipo chigawo chachitali cha kumbuyo ndi ground, njira yobwererera magetsi. M'kati mwa jaki muli tizitsulo tokhudza chigawo chilichonse, ndipo timiyendo take timaboola bolodi n'kuwotchereredwa kuseri ndi solda. Nthawi iliyonse munthu akapondereza waya kapena kuzula pulagi mopendeketsa, mphamvu yonse imathera pa timiyendo timeneti. Solda amayamba kung'aluka mozungulira mwendo, kamzere kakang'ono ngati tsitsi. Ife tinakaona pounika ndi tochi ya foni chammbali. Mukaunika molunjika simukaona.

Koma maso okha sakwanira. Amalume anatenga multimeter n'kuiika pa continuity, pomwe imalira "tiii" njira ikakhala yosaduka. Analowetsa pulagi yakale yodula waya mu jaki, nsonga imodzi ya mita pa waya wa kumanzere, inayo pa kanjira kamkuwa ka pa bolodi kochokera pa mwendo umenewo. Zii. Atakankha pulagi, tiii. Anachita chimodzimodzi ku waya wa kumanja ndi wa ground: konseko mita inalira bwinobwino. Ndi circuit yomwe ija ya m'kope, kungoti switchi yake ndi mng'alu umene ukudzitsegula wokha.

Tsopano kuwotcherera. Solda wa nthawi imeneyo ndi wosakaniza tin ndi mtovu, ndipo amayamba kusungunuka pa 183°C. Nsonga ya chitsulo chowotcherera imafunika kutentha kuposa pamenepo, cha m'ma 350°C, kuti ntchito ithe msanga. Izi zinandidabwitsa, chifukwa ndinkaona ngati kutentha pang'ono ndi kumene kumateteza bolodi. Zoona zake n'zakuti chitsulo chosatentha mokwanira chimakukakamizani kukhalitsa pamalo amodzi, ndipo guluu wogwira mkuwa ku bolodi amafooka, kanjira n'kumatuka. Masekondi atatu kapena anayi akwana.

Pakani flux kaye. Ntchito yake ndi kuchotsa litsiro losaoneka pa chitsulo kuti solda agwire. Chotsani solda wakale ndi kapampu koyamwira. Kenako nsonga ya chitsulo ikhudze mwendo ndi kabwalo kamkuwa nthawi imodzi, ndipo solda watsopano mum'khudzitse pa mwendowo, osati pa chitsulo chowotcherera. Akagwira bwino amaoneka wosalala, wonyezimira, wokwera mwendo ngati kachulu. Akakhala ngati kampira kongokhala pamwamba, sanagwire.

Pa khadi yathu panali vuto lachiwiri. Titachotsa solda wakale tinapeza kuti kabwalo kamkuwa kaja kanali katathyoka kale pomwe kamakumana ndi kanjira kake. Solda yekha sakanalimba pamenepo. Amalume anatsatira kanjirako ndi maso mpaka pa mwendo wa chipangizo chotsatira, anatsimikiza ndi mita kuti ndi komweko, n'kudutsitsa kawaya kakang'ono kokutidwa ndi pulasitiki kuchoka pa jaki kufika pamenepo. Sikaoneka bwino, koma magetsi safunsa kukongola kwa msewu. Anawotchereranso miyendo ina yonse ya jakiyo, poti imene yasenza katundu limodzi imatopanso limodzi.

Musanabwezere khadi, yezaninso ndi mita kawiri: njira iliyonse ilire payokha, koma pakati pa kumanzere, kumanja ndi ground pasalire mopitirira. Pakalira ndiye kuti kadontho ka solda kalumikiza njira ziwiri, ndipo mukayatsa choncho mukhoza kuwotcha amplifier. Pukutani flux wotsala, lowetsani khadi molunjika mpaka timano tonse tabisika, mangani sikuluu ya kumbuyo. Sikuluu imeneyi anthu amainyozera, koma ndi imene imaletsa khadi kugwedezeka pozula pulagi.

Titayatsa, masipika onse awiri anaimba, ndipo amalume atagwedeza pulagi uku ndi uku mawu sanaduke. Anamangirira waya wa sipika ku bokosi ndi kalamba kuti wina akaukoka, mphamvu isafike pa jaki. Kenako anandituma kukasamba m'manja ndi sopo ndisanagwire mandasi, chifukwa mtovu ndi poizoni.