Malangizo: Zofunda M'mikono Pokwera Njinga

M'miyezi ya June ndi July, m'mawa ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Thyolo kukagwa chiperoni, mphepo imaluma mikono. Koma dzuwa likakwera, jekete limasanduka katundu. Apa m'pamene ma arm warmers amathandiza: zovala za mikono yokha, kuyambira padzanja mpaka kufupi ndi m'khwapa. Kukatentha mumangozivula n'kuziponya m'thumba.

Tsono nsalu yake muiyang'anitsitse. Ya polyester yokhala ndi ubweya wofewa m'kati imasunga kutentha ndipo imauma msanga. Imeneyi ndiyo yoyenera kuzizira kwathu kuno. Ya ubweya wa nkhosa za merino imafunditsa ngakhale itanyowa, komanso sinunkha thukuta msanga, kungoti ndi yodula ndipo sichedwa kubooka. Ya lycra yopyapyala imangoteteza ku dzuwa, kuzizira siikuletsa. Ya thonje ipeweni: imamwa thukuta n'kukuziziritsani mukamatsika chitunda.

Pogula, kaya m'sitolo kaya pa kaunjika, ziyeseni kaye. Pindani chigongono: zisakuthineni mpaka dzanzi, komanso zisamatsetsereke. Pochapa gwiritsani ntchito madzi ozizira, ndipo musazisite. Muyende bwino pamsewu.