LAMULO LA ODWALA 30 KU AMERICA

Anzanga amene muli kuphunzira za maboma ndi malamulo ao, ndifuna tione pamodzi nkhani ina ya ku America, m'mene lamulo linamanga manja a madotolo zaka zoposa 100 pa matenda amodzi okha. Matenda ace ndiwo ukapolo wa mankhwala a mtundu wa opium.

Opium ndi utomoni wa duwa lochedwa poppy. Mu utomoni umenewu amatengamo morphine, amene madotolo amapatsa anthu omva ululu woopsa, monga odwala khansa. Heroin apangidwa kucokera kwa morphine yemweyo, ndipo aliponso ena monga oxycodone ndi fentanyl. Onsewa pamodzi achedwa opioid. Ululu amaphadi, koma kuipa kwao kuli pawiri. Munthu akamwa ambiri, mpweya wace umayenda pang'onopang'ono kufikira waleka, nafa ali m'tulo. Kwinaku thupi limawazolowera, kotero kuti tsiku limene awasowa munthu amasanza, amatsegula m'mimba, thukuta liri kamukamu, mafupa onse ali kuphwanya. Tonse tidziwa cibaba ca agogo fodya akatha. Koma cibaba ici ncina, cimagulitsitsa munthu ndi bulangete lace lomwe.

M'caka ca 1914 Congress, ndiyo nyumba ya malamulo ya dzikolo, inapanga lamulo la Harrison. Pa lokha linali lamulo la msonkho ndi kaundula: yense wogulitsa kapena wolembera anthu mankhwalawa alembetse dzina ku boma, ndipo dotolo aziwapereka pa nchito yace ya udotolo. Tsono panabuka funso. Kodi kupatsa munthu wa cibaba morphine wocepa tsiku ndi tsiku, kuti asadwale, ndi udotolo kapena ai? M'caka ca 1919 bwalo lalikulu la milandu linaweruza kuti si udotolo. Madotolo ambiri anazengedwa milandu, ena nalowa m'ndende, ndipo zipatala zimene mizinda ina inatsegulira anthu otere zinatsekedwa cimodzicimodzi. Ca ku Shreveport cinatsekedwa m'caka ca 1923. Otsalawo anacita mantha, naleka kulandira odwalawa, ndipo odwalawo anapita kwa ogulitsa mobisa.

Zinthu zinakhala comweco kufikira caka ca 1964, pamene madotolo awiri a ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, anayamba kuyesa methadone. Ameneyu ndi opioid nayenso, koma amagwira pang'onopang'ono tsiku lathunthu, cotero womwa kamodzi m'mawa samva cibaba, ndipo akhoza kupita ku nchito kapena ku sukulu ngati anzace. Boma linavomera, koma mwa mantha. Lamulo la caka ca 1974 linati methadone wa cibaba aziperekedwa m'zipatala zolembedwa mwapadera, ndipo wodwala watsopano anayenera kufika m'mawa uli wonse kudzamwera pamaso pa namwino. Kwa munthu wa mumzinda zinali zotheka. Nanga wa kumudzi, amene cipatala cotere ciri ulendo wa maora awiri pa galimoto?

Tsoka lalikulu linadza kucokera ku zipatala zomwezo za masiku onse. M'caka ca 1996 kampani ya Purdue inayamba kugulitsa mapiritsi a OxyContin, niuza madotolo kuti mapiritsiwa sagwira anthu ukapolo kawirikawiri monga ena. M'caka ca 2007 kampaniyo inavomera mlandu wa kunyenga, nilipitsidwa madola pafupifupi 600 miliyoni, koma pamenepo nkuti mapiritsi atafalikira kale, makamaka m'maiko a migodi ya malasha monga West Virginia ndi Kentucky, kumene anthu ambiri ali ndi misana yopweteka. Mapiritsi atayamba kusowa ca m'ma 2010 anthu anathamangira heroin, ndipo kuyambira 2013 kunafika fentanyl wopangidwa mobisa, amene mphamvu yace iposa ya heroin ka 50.

Tsopano tifike pa odwala 30 aja. M'caka ca 2000 Congress inapanga lamulo lolola dotolo kuciza cibaba m'cipinda cace ceniceni, ndi mankhwala ena ochedwa buprenorphine, amene analoledwa pa nchitoyi m'caka ca 2002. Ubwino wa buprenorphine ngwakuti ngakhale munthu aonjeze muyeso, mphamvu yace yoimitsa mpweya siikwera kwambiri. Koma taonani zimene lamulo linafuna. Dotolo anayenera kuphunzira maora 8, kupempha cilolezo capadera, kulandira nambala yoyamba ndi X, ndipo atatero asapitirire odwala 30. Dotolo yemweyo akafuna kulembera anthu 300 mapiritsi a oxycodone, amene anayambitsa mabvutowo, panalibe nambala ya X kapena malire a odwala. Ine apa mpamene ndidabwa koposa. Khomo lolowera ku matenda linali pululu, koma loturukira linali ndi mlonda.

Tisafulumire kuwaseka opanga lamulowo, pakuti anali ndi zifukwa zao. Anaopa kuti buprenorphine adzagulitsidwa m'misewu, ndipo wina anagulitsidwadi. Anthu ambirinso, ndi ena a m'zipatala omwe, ankanena kuti kupatsa munthu wa heroin mankhwala ena a mtundu womwewo ndi kungomsinthira mbuye, iye akali kapolo. Mau amenewa amveka anzeru, koma ofufuza atawerenga odwala m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti amene ali kulandira methadone kapena buprenorphine, imfa pakati pao zimacepa ndi theka kapena kuposa. Anapezanso kuti woleka mwadzidzidzi, monga woturuka m'ndende, ali pangozi yaikulu, cifukwa thupi lace laiwala mankhwalawo, ndipo muyeso umene ankamwa kale ukhoza kumupha. Kwa mai amene ali ndi mwana wotere, ndiganiza kuti funso loyamba ndi lakuti mwanayo adzuka mawa kapena ai.

Malire aja anakwera kufika odwala 100 m'caka ca 2006, ndi 275 m'caka ca 2016, komabe madotolo ambiri sanafune kudzibvuta ndi cilolezo. Pakutha pa 2017, zigawo za kumidzi zoposa theka zinalibe ndi mmodzi yemwe wokhala naco, ndipo caka comweco opioid anapha anthu 47,600.

Pamenepo malamulo anayamba kudza motsatana. M'mwezi wa July 2016 Pulezidenti Obama anasaina lamulo lochedwa mwacidule CARA. Ilo linalola anamwino ophunzira kwambiri ndi othandiza madotolo kuti nawonso azilembera buprenorphine. Linalimbikitsa maphunziro ocenjeza anthu, malo obwezerako mapiritsi otsala m'nyumba, ndi kupatsa apolisi naloxone, mankhwala amene amabweza mpweya wa munthu wokomoka ndi opioid m'mphindi zowerengeka. Ambiri anadandaula kuti lamuloli ladza ndi malonjezo opanda ndalama zokwanira, cotero m'mwezi wa December caka comweco lamulo lina linapatula madola 1 biliyoni a zaka ziwiri. M'caka ca 2018 Pulezidenti Trump anasaina la SUPPORT, limene linalamula kuti kuyambira 2020 Medicaid, thumba la boma lolipirira amphawi ku cipatala, lizilipira mankhwala ociza cibaba. Potsiriza, pa 29 December 2022, Pulezidenti Biden anasaina lamulo locotseratu nambala ya X ndi malire a odwala, patapita zaka 22. M'mwezi wa March 2023 naloxone wopopera m'mphuno analoledwa kugulitsidwa m'sitolo popanda kalata ya dotolo.

Kodi zinathandiza? M'caka ca 2022 opioid anapha anthu oposa 81,000, ambiri ndi fentanyl. M'caka ca 2024 anatsika kufika pafupifupi 54,000. Akatswiri atsutsana pa cifukwa cace. Ena alozera naloxone, ena kusintha kwa fentanyl wogulitsidwa m'misewu. Cina cimene ofufuza anaona ncakuti nambala ya X itacotsedwa, olembera buprenorphine anaculuka ndithu, koma ciwerengero ca odwala olandira sicinasinthe kwenikweni m'caka coyamba. Dotolo wololedwa ndi boma akhozabe kuopa wodwala wotere, kapena kusowa nthawi yomusamalira, ndipo masitolo ena a mankhwala sasunga buprenorphine wokwanira.

Za methadone zinatsalira m'mbuyo. Mliri wa Covid utafika m'caka ca 2020, boma linalola odwala okhazikika kutenga mankhwala a masiku 28 kupita nao kwao, ndipo m'caka ca 2024 cilolezoco cinakhazikitsidwa. Koma pofika caka comweco, wofuna methadone wa cibaba anayenerabe kumtenga ku zipatala zapadera zija, pamene wofuna methadone yemweyo cifukwa ca ululu wa msana ankangomgula ku sitolo ya mankhwala ndi kalata ya dotolo. Ku Britain, Canada ndi Australia odwala cibaba akhala ali kumwera methadone m'masitolo a mankhwala a kufupi ndi kwao kwa zaka zambiri.