PHUNZIRO 6: Chitetezo cha Anthu Ogwira Ntchito m'Mafakitale a Makatoni

Cholinga

Pakutha pa phunziroli tidziwe chimene chimavulaza anthu m'mafakitale opanga makatoni, zimene malamulo a dziko lathu amanena, ndi zimene ife tingachite.

Mawu oyamba

Sopo, mafuta ophikira, mabisiketi ndi mankhwala zimafika m'magolosale mwathu zili m'makatoni. Katoni ikatha ntchito timaikamo anapiye kapena mabuku, osaganizako za manja amene adaipanga. Komatu abale athu ambiri amagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata ndi Chirimba mu Blantyre, ndi ku Kanengo mu Lilongwe. Mmodzi wa iwo akaduka zala timangoti ndi tsoka. Kodi ndi tsokadi?

Katoni imapangidwa bwanji?

Pepala limabwera m'mipukutu ikuluikulu, umodzi wolemera kupitirira tani imodzi. Limadutsa pakati pa zitsulo ziwiri zobulungira zimene zimatenthetsedwa ndi nthunzi. Zitsulozi zimapinda pepalalo kuti likhale ndi timizere tonga ta malata. Kenaka limamatidwa pakati pa mapepala ena awiri osalala ndi ulimbo wa sitachi. Makina ena amadula, kusindikiza zilembo, kupinda ndi kulumikiza. Zinyenyeswa zotsala amazipanikiza m'makina omanga mabelo.

Ngozi zimachitikira pati?

1. Pamene zitsulo ziwiri zozungulira zimakumana. Zimakoka chala, dzanja kapena mkono wa malaya munthu asanaphethire.
2. Pa mipeni yodulira, makamaka pepala likatsekereza ndipo munthu akulichotsa makina akuyenda.
3. Potsuka kapena kukonza makina, wina n'kuyatsa osadziwa kuti mnzake ali mkati.
4. Pa zitsulo zotentha ndi mapaipi a nthunzi.
5. Phokoso la tsiku ndi tsiku, limene limagonthetsa makutu pang'onopang'ono.

Tikaonetsetsa, zonsezi ndi zopeweka. Malo oopsa a makina ayenera kukhala ndi chotchinga. Munthu asanapise dzanja, magetsi azimitsidwe ndipo pa switchi aikepo loko, kiyi asunge yekha mwini wake wokonzayo. Chotchinga chikachotsedwa kuti ntchito ifulumire, ndiye kuti wina wasankha makatoni m'malo mwa munthu. Limenelo si tsoka ayi.

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 31 la Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezedwa, komanso wolowa bungwe la apantchito.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 lidaika udindo pa wolemba ntchito: kutchinga makina, kuphunzitsa antchito, kupereka zovala zodzitetezera, ndi kudziwitsa boma ngozi yaikulu ikachitika. Lidapatsanso oyendera mafakitale a ku unduna wa zantchito mphamvu zolowa ndi kufufuza. Nayenso wantchito ali ndi udindo wotsata malangizo ndi kusamala anzake.

Lamulo la chipukuta misozi la 2000 limati wovulala pantchito alandire chipukuta misozi. Imeneyi si mphatso ya abwana. Ndi ufulu wake.

Nanga bwanji anthu akuvulalabe?

Lamulo lolembedwa papepala siliyenda lokha. Woyendera amabwera tsiku limodzi, koma wantchito ali pa makinapo tsiku lililonse. Iye ndiye amadziwa chotchinga chimene chimabwezeredwa alendo akamabwera n'kuchotsedwanso akapita. Ambiri amakhala chete poopa kuchotsedwa ntchito, makamaka aganyu. Ena akavulala amalandira kangachepe m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Patapita miyezi ndalama zatha, dzanja palibe, ana akufuna fizi. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tichite chiyani?

1. Tisagwire makina amene sitidaphunzitsidwe. Safunsa adadya phula.
2. Tikaona chotchinga chachotsedwa, tiuze akapitawo tili awiri kapena atatu, ndipo tilembe tsiku limene tanena.
3. Akapanda kumva, tipite ku bungwe lathu la apantchito kapena ku ofesi ya Leba ya m'boma lathu.
4. Wina akavulala, apite kuchipatala msanga, asunge makalata onse a dokotala, ndipo alembe maina a mboni.
5. Tisasaine chikalata chimene sitidachimvetse.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'dera lathu alipo amene adavulala pantchito? Adathandizidwa bwanji?
2. N'chifukwa chiyani anthu amaopa kudandaula? Tingawalimbitse mtima motani?
3. Kodi zimene taphunzirazi zikukhudzanso zigayo ndi makina ochekera matabwa a kwathu kuno?
4. Ofesi ya Leba yoyandikana nafe ili kuti? Tisankhe anthu awiri akafufuze, adzatiuze pa msonkhano wotsatira.