Ana akufuna kugona mu tenti kuseri kwa nyumba

Zikomo mayi athu a ku Area 25 ku Lilongwe chifukwa cha kalata yanu. Mwati ana anu akukakamira kuti tsiku lina agone mu tenti kuseri kwa nyumba, ndiye mukufunsa ngati muwalole.

Aloleni mayi, koma mugone nawo limodzi inu kapena bambo awo. Sankhani usiku wa mwezi wowala mu September kapena October, mvula isanayambe. June ndi July kumazizira kwambiri, ana angadwale chifuwa.

Masana sesani pamalopo, muchotse miyala, zinyalala ndi udzu momwe mungabisale njoka kapena zinkhanira. Yalani mphasa, pamwamba pake matiresi. Neti musaiwale ayi, chifukwa udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, ndipo ana osakwana zaka 5 ndi amene malungo amawagwira koopsa.

Otchani mbatata ndi mtedza pambaula, koma mbaulayo ikhale panja, kutali ndi tenti. Musailowetse mkati ngakhale kutazizira bwanji: mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo. Mukatha, zimitsani moto ndi madzi.

Kenaka ikani mafoni pambali. Inu muyambe kuti “Padangokhala,” iwo avomere kuti “Tili tonse,” muwasimbire za Kalulu ndi Fisi monga ankachitira agogo athu. Tochi ikhale pafupi, ndipo wamng'ono akachita mantha pakati pa usiku, musamuseke, mulowetseni m'nyumba.

Mukayesa, mutilemberenso mayi, omvera anzanu amve momwe zayendera.