PHUNZIRO: KUMALIZA MPIKISANO NDI BALA PABONDO

Werengani: Ahebri 12:1-3

Amayi anzanga, mpikisano wothamanga wa marathon ndi wa makilomita 42, kuposa theka la ulendo wochoka kuno ku Mponela kukafika ku Lilongwe. Pa 20 Okotobala 1968, pa masewera a Olimpiki ku Mexico City, John Stephen Akhwari wa ku Tanzania adagwa ali pa liwiro, bondo nkuguluka. Adayamba anthu 75, koma omaliza adali 57. Iye adafika pambuyo pa onse akutsimphina, patadutsa ola Mamo Wolde wa ku Ethiopia atapambana kale. Atafunsidwa, adayankha kuti dziko lake lidamtuma kukamaliza mpikisano, osati kukangouyamba.

Taonani, Akhwari sadabise bala lake. Adalola kuti alimange, kenaka adapitiriza. Enafe tasenza matenda, umasiye ndi ngongole mwakachetechete, nkumati kumeneko ndiye kupirira. Ayi amayi, mutu umodzi susenza denga. Pitani kuchipatala, muuzeni mnzanu wokhulupirika, kuti mupeze mphamvu zomalizira ulendo muli maso pa Yesu.

Mafunso okambirana:
1. Nchiyani chimatiletsa kuulula zowawa zathu?
2. Ndani wasiya kubwera kumsonkhano amene tingakamuyendere sabata ino?

Pemphero: Ambuye Yesu, mangani mabala athu, mutilimbitse kufikira chimaliziro. Amen.