Kuphunzira kuphika: ndiyambire pati?

Zikomo amayi a ku Kapata chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa za maphunziro a zophikaphika oti mulowe. Choyamba dzifunseni: mukufuna kudyetsa banja kapena kugulitsa? Ngati n'za pakhomo, musathamangire setifiketi. Pezani mphunzitsi wokugwiritsani mthiko, osati wongolemba pabolodi. Aziphikira pambaula ngati yanu, ndi zinthu zopezeka ku Saturday Market: nsinjiro, nkhwani, kapenta. Mukangophunzira keke ya mu uvuni wamagetsi, malaiti akapita mudzatani?

Koma ngati mukuganiza zotsegula kantini, sankhani sukulu yolembetsedwa ku bungwe loona za maphunziro a luso la TEVETA, mufunsenso akhansala anu za thandizo lochokera ku thumba la chitukuko la CDF. Musanalipire, amayi, pitani mukaonerere tsiku limodzi, mulawenso zimene ophunzira aphika.