Njira ndi Mseu

Mwana wa kwa Njewa pomuka kusukulu ayamba kutsata kanjira ka m'munda, nafika pa mseu waukuru wochokera ku Lilongwe, umene upitira pa Mpingu ndi pa Namitete kunka ku Mchinji. Iye ayesa kuti njira ndi mseu ziri chimodzimodzi, koma mau awiriwa sanabadwe pamodzi.

Njira ndilo liu la kale lomwe. Mitundu yambiri ya m'Afrika iri nalo: Aswahili ati njia, Ashona ati nzira, Azulu ati indlela. Kufanana kumeneku kusonyeza kuti makolo a mitunduyi analankhula chinenero chimodzi asanabalalike. Njira palibe woilima. Mapazi ndiwo aipanga, ndipo anthu akaleka kupitamo udzu uitseka. Ngakhale mbewa ziri nazo njira zao: ya pamtunda ndiyo mkwaso, ya pansi pa nthaka ndiyo mpita, dzina lotuluka m'liu lakuti kupita. Momwemonso chidule chichokera ku kudula, ndipo ulendo ndi mlendo ali pachibale ndi kuyenda.

Koma mseu uli ndi mbiri yina. Abemba a ku Zambia autcha umusebo, pakuti kwa iwo ukuseba ndiko kulambula malo. Mseu tsono ndiwo njira yolambula ndi manja a anthu. M'masiku a boma la Angerezi mafumu analamulidwa kutulutsa anthu ao ndi makasu ndi nkhwangwa, kuti akasadze udzu ndi kuzula zitsa. Inali nchito yowawa, popeza munthu anasiya za pakhomo pake kukakonzera ena poyenda. Pa miseu yotere anapita amtengatenga, akatundu ali pamutu, ndi ena osenza Mzungu m'machira. Masiku amenewo boma la Mchinji linali kutchedwa Fort Manning, ndi Chipata Fort Jameson.

Pambuyo pake anadza magalimoto, ndipo miseu yaikuru inathiridwa phula lakuda. Liu lakuti tala anthu analitola m'Chingerezi. Njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979, ndi ku Mchinji m'chaka cha 1980. Koma dzina lake anthu a kwa Njewa analidziwa kale, pakuti amuna opita kunchito ku Salisbury ndi ku Joni anakwera sitima kumeneko, nabwera kudzasimba kumudzi.